Phunziro la poyera pa yunivesite: n'chiyani, nanga a ku Mchinji likutikhudza pati?

Masiku ano si zachilendonso kuona pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp chikalata chochokera ku yunivesite, chili ndi chithunzi cha pulofesa atavala mkanjo ndi chipewa chake, m'munsimu atalemba tsiku, ola ndi mawu akuti public lecture, n'kuwonjezera kuti aliyense ndi wolandiridwa. Ambiri kuno ku Mchinji timangochidutsa poganiza kuti ndi za ana a pasukulupo. Ena amafunsa ngati pakhomo amalipiritsa, ngati amafuna satifiketi ya Fomu 4, kapena ngati pamapeto pamakhala kusayinira ya thiransipoti monga zimachitikira ku misonkhano ya mabungwe. Zimasokonezanso kuona mutu wa nkhani uli wa zaulimi koma pa mndandanda wa oyankhula pali dokotala wa kuchipatala, katswiri wa zachuma ndi wina wa zamalamulo. Onsewa akudzatani pa nkhani ya mbewu?

Mafunsowa ali ndi mayankho, ndipo anthu a boma lino tili ndi chifukwa chapadera chowafunira. Kwa zaka zoposa 25 midzi ya ku Mchinji yakhala ikulandira ochita kafukufuku, kuwayalira mphasa ndi kuyankha mafunso awo. Phunziro la poyera ndi amodzi mwa malo ochepa kumene zomwe anapeza zimanenedwa pakamwa, pamaso pa anthu oti angathe kuimika dzanja n'kufunsa.

Phunziro la poyera n'chiyani

Ntchito ya mphunzitsi wa pa yunivesite ili patatu: kuphunzitsa, kuchita kafukufuku, ndi kutumikira anthu a kunja kwa mpanda wa sukulu. Yoyambayo tonse timaidziwa. Yachiwiriyo imachitika mwakachetechete, mu labotale, m'munda woyeserera, m'nyumba yosungira zikalata zakale kapena m'midzi ndi mapepala a mafunso, ndipo zotsatira zake zimakathera m'magazini a akatswiri omwe owerenga ake ndi akatswiri anzawo basi. Phunziro la poyera lili pa ntchito yachitatuyo. Mphunzitsi amaima mu holo kwa ola limodzi kapena kuchepera apo, n'kufotokoza funso lomwe wakhala akulimbana nalo, njira yomwe anatsata, zomwe anapeza ndi zomwe zamukanika. Omvera amakhala osakanikirana: ophunzira, aphunzitsi a nthambi zina, atolankhani, ogwira ntchito m'boma ndi wina aliyense amene wafuna kubwera. Nthawi zambiri pakhomo salipiritsa, satifiketi safunsa, ndipo alawansi palibe.

Likusiyana ndi kalasi chifukwa pano palibe mayeso, komanso woyankhula sangadalire kuti omvera anawerenga kale za sabata yatha. Ayenera kuyambira pansi. Likusiyananso ndi semina, kumene akatswiri a nthambi imodzi amatsekerana m'chipinda n'kumakanganirana tinthu tating'onoting'ono m'chiyankhulo chomwe amamvana okha.

Amene munapitako ku chionetsero cha zaulimi pa munda wachitsanzo mukuudziwa kale mtima wake. Mlangizi sabwera kudzakuwerengerani lipoti. Amakuimikani pakati pa mizere, uku kothira manyowa uku kosathira, n'kukusiyani muone nokha ndi kufunsa. Mlimi wina akamutsutsa kuti kwake dothi ndi lamchenga ndipo zimenezi sizingatheke, mlangizi wanzeru amatulutsa kope n'kulemba. Phunziro la poyera likayenda bwino limakhala choncho, kungoti choonetsedwacho ndi zaka zambiri za kafukufuku wa munthu.

Pa zikalata zija pamaoneka kawirikawiri mtundu wina wotchedwa inaugural lecture. Mphunzitsi wa pa yunivesite amakwera pang'onopang'ono, kuyambira pa ulekichala mpaka kufika pa upulofesa, ndipo akafika pamwambapo amapatsidwa tsiku loti aonekere pagulu n'kunena chimene ntchito yake yonse yawonjezera pa nzeru za anthu. Pamakhala mdipiti wa aphunzitsi atavala mikanjo, achibale amabwera kuchokera kumudzi, ndipo m'mayunivesite ambiri mwambo wa tsikulo sulola mafunso. Palinso maphunziro okumbukira munthu wotchuka amene anatisiya, ochitika chaka ndi chaka, ndi ena okonzedwa mwachangu kukagwa nkhani yaikulu monga mliri kapena namondwe.

Mwambowu unachokera kuti

Mu 1597 mumzinda wa London munatsegulidwa Gresham College, pogwiritsa ntchito chuma chimene wamalonda wina, Thomas Gresham, anasiya atamwalira. Sukuluyi inali ndi mapulofesa 7: wa zaumulungu, wa zakuthambo, wa masamu a miyeso, wa nyimbo, wa malamulo, wa zamankhwala ndi wa luso la kuyankhula. Ntchito yawo inali kuphunzitsa mwaulere aliyense wolowa pakhomo, ndipo mpaka lero sukuluyi ikuchitabe zomwezo. Chimene chimandigwira mtima pa mbiriyi n'chakuti pa nthawiyo chiyankhulo cha anthu ophunzira chinali Chilatini, koma anakonza zoti maphunzirowo aziperekedwanso m'Chingerezi, chomwe chinali chiyankhulo cha amalinyero ndi ogulitsa pamsika. Mpungwepungwe womwe tili nawo lero pakati pa Chingerezi ndi Chichewa iwo anakumana nawo zaka zoposa 400 zapitazo.

Mu 1825 mumzinda womwewo, pa Royal Institution, wasayansi Michael Faraday anayambitsa maphunziro a sayansi a nyengo ya Khirisimasi olunjika kwa achinyamata, oonetsa zinthu zikuyaka ndi kuphulika pamaso pa ana, ndipo nawonso akadalipo. Mayunivesite a mu Africa omwe anamangidwa potsata dongosolo la ku Britain anatengera mwambowu pamodzi ndi mikanjo yake.

Nthambi za maphunziro, ndi chifukwa chake sizimvana

Nzeru za pa dziko zinachuluka kwambiri moti munthu mmodzi sangazisenze zonse, choncho mayunivesite anazigawa m'nthambi. Nthambi iliyonse ili ndi dipatimenti yake, magazini ake, njira zake zotsimikizira kuti chinthu n'choona, ngakhalenso mawu ake. Kugawa kumeneku kunathandiza kwambiri, pakuti munthu amene watha zaka 20 akuyang'ana tizilombo ta m'dothi amaona zomwe ena tonse sitingaone. Koma kunabweretsanso vuto lake. Mu 1959 ku Cambridge, C. P. Snow, yemwe anali wasayansi komanso mlembi, anaima pa phunziro la poyera kudandaula kuti a sayansi ndi a zolembalemba afika posamvana ngati kuti ndi mitundu iwiri yosiyana. Ena anamutsutsa kolimba, koma mkangano womwe anauyatsa sunazime.

Kwathu kuno nthambizi zinatalikirananso ndi mtunda. Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ake oyamba mu 1965 ku Blantyre. Zaulimi zinapita ku Bunda, Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, zaumisiri zinakhala ku Polytechnic, ndipo sukulu ya madokotala inatsegulidwa mu 1991. Kwa zaka zambiri zonsezi zinali pansi pa ambulera imodzi. Mu 2012 Bunda inachoka n'kukhala LUANAR, ndipo pambuyo pake Natural Resources College inalowa momwemo. Mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, sukulu ya madokotala ndi ya anamwino zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo dzina la Yunivesite ya Malawi linatsala ku Zomba. Tikawonjezera Mzuzu University ndi MUST ya ku Thyolo, mayunivesite a boma akukwana 6. Okonda kugawaku amati sukulu iliyonse tsopano ikudziyendetsa yokha ndipo ikhoza kukula msanga. Ena amadandaula kuti katswiri wa mbewu, wa matenda ndi wa chikhalidwe cha anthu tsopano ali ndi mabwana osiyana ndi mabajeti osiyana, ndiye kuti akhale pa tebulo limodzi pamafunika wina wochita kuwaitana.

Kugwirira ntchito pamodzi kwa nthambi nakonso kuli pawiri. Nthawi zina aliyense amalemba chigawo chake, zigawozo n'kuzimanga m'lipoti limodzi, osasinthana maganizo ngakhale pang'ono. Nthawi zina zomwe wapeza mmodzi zimasintha funso lomwe mnzake ankafunsa. Chachiwirichi ndicho chovuta, ndipo ndicho chimene okonza maphunziro a poyera amayembekezera akamaika dokotala ndi katswiri wa zachuma pa nsanja imodzi.

Chitsanzo cha pakhomo: chuku cha mtedza

Kuti zimveke, titenge nkhani yomwe ili m'nkhokwe mwathu momwe. Mchinji ndi limodzi mwa maboma olima mtedza kwambiri m'Malawi, ndipo amene anaimapo pa sikelo ya venda pa Kamwendo kapena pa Mkanda akudziwa kuti mtedza ndi ndalama. Mdani wake wamkulu pa misika ya kunja ndi poizoni wa chuku, amene akatswiri amamutcha aflatoxin. Dziko linamudziwa poizoniyu mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Kuti chifukwa chake chipezeke panafunika madokotala a ziweto, odziwa za nkhungu ndi odziwa kupima mankhwala.

Mukafunsa katswiri wa mbewu, akuuzani kuti nkhungu yake, yotchedwa Aspergillus flavus, imakhala m'dothi momwemo. Imalowa mu mtedza mvula ikadula msanga mbewu isanakhwime, khasu likatema makoko pokumba, chiswe chikaboola, kapena mtedza ukasungidwa usanaume. Malangizo ake ndi odziwika: bzalani ndi mvula yoyamba, kumbani pa nthawi yake, umitsani bwino, sungani m'makoko pamalo opanda chinyezi. Amene mumakwera minibasi ya ku Lilongwe mumadutsa pa Chitedze, pomwe akatswiri a boma ndi a bungwe la ICRISAT akhala akufufuza za mtedza kwa zaka zambiri, ndipo mbewu ya CG7 yomwe ambiri timabzala inachokera m'ntchito imeneyo.

Wa mu labotale awonjezera chinthu choopsa: mtedza ukhoza kuoneka woyera bwinobwino koma uli ndi poizoni, ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikumuthetsa. Amamuyeza m'timiyeso tating'ono kwambiri. Mayiko a mu European Union salola mtedza wodya anthu kupitirira mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu imodzi, ndipo maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu. Popeza poizoniyu amaunjikana mu njere zochepa, njere zowerengeka zikhoza kugwetsa thumba lonse, ndiye pamafunikanso wodziwa masamu kuti anene potapa pake ndi kuchuluka kwa mtedza woyeza.

Dokotala anena za chiwindi. Poizoniyu amayambitsa khansa ya m'chiwindi, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B, ndipo akachuluka amapha msanga: mu 2004 ku Kenya anthu 125 anamwalira atadya chimanga chogwidwa ndi chuku. Palinso nkhani ya kupinimbira kwa ana. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Ofufuza ena apeza kuti ana omwe ali ndi poizoniyu wambiri m'magazi amakonda kukhala opinimbira, pamene ena sanapeze mgwirizano woonekeratu, ndipo nkhaniyi ikadali pa mtsutso pakati pa akatswiri eni ake.

Wa zachuma ayang'ana pa sikelo. Ngati venda akugula mtedza wouma bwino ndi wachinyezi pa mtengo umodzi, mlimi avutikiranji kuumitsa masiku ena owonjezera pamene fizi ya mwana ikudikira, ndiponso wachinyeziwo ndiye wolemera? Yankho lake likhala lakuti msika ulipire ubwino, ndipo alimi asankhe mtedza asanagulitse.

Apa ndi pamene pamafunika wa chikhalidwe cha anthu, amene ntchito yake ndi kukhala pakhonde n'kumaona. Mayi wakhala pa mphasa, thumba la mtedza lili pambali, ndipo ayenera kuuswa wonse ndi manja. Makoko ouma amapweteka zala mpaka kutuluka matuza, ndiye amatunga madzi m'kapu n'kuwaza pa mulu uja kuti ufewe. Zala zapuma, koma chinyezi chomwe nkhungu imafuna chalowa. Akatha kuswa amasankha monga anauzidwira: wonenepa ndi wosalala ukupita m'thumba la ku msika, wofota, wosweka ndi wakuda ukutsala mu lichero. Wotsalawo satha kuutaya, pakuti ndi chakudya. Usinjidwa, ulowa mu nkhwani, ulowanso m'phala la mwana. Malangizo oti tisankhe mtedza, omwe ndi olondola kwa wa zachuma, akaperekedwa okha popanda liwu la dokotala amachotsa poizoni m'thumba lopita kunja n'kumuunjika m'mbale ya pakhomo.

Palibe mmodzi mwa akatswiri asanuwa amene walakwitsa, koma aliyense waona mbali yake. Magazini omwe amalembamo ndi osiyana, misonkhano yomwe amapitako ndi yosiyana, ndipo n'zotheka kuti malo oyamba kumverana akhale holo ya phunziro la poyera. Mlimi akanakhalapo akanawonjezera zomwe onsewo sakuzidziwa bwino: mtengo wa makina oswera mtedza, kuchuluka kwa njere zomwe makinawo amaphwanya, ndi mantha a akuba omwe amachititsa anthu kututa mtedza kumunda usanaume.

Si akatswiri onse amene amasangalala ndi kusakaniza nthambi, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Amati woyankhula kwa gulu losakanikirana amakakamizika kupeputsa nkhani mpaka imataya mfundo zofunika. Amatinso kafukufuku wa nthambi zingapo amadya nthawi ndi ndalama, amavuta kusindikiza, ndipo mphunzitsi wachinyamata amene akufuna kukwezedwa amapindula msanga akakhazikika pa kanjira kamodzi.

Zonenedwa mu holo ndi zotsimikizika

Pali chinthu chimodzi chimene omvera ambiri sachidziwa. Kafukufuku asanasindikizidwe m'magazini odalirika, akonzi amamutumiza kwa akatswiri ena awiri kapena atatu, kawirikawiri osatchulidwa mayina, kuti amusanthule ndi kufunafuna zolakwika. Akhoza kumubweza kuti akonzedwe kapena kumukana. Njirayi si yangwiro, koma ndiyo sefa yomwe akatswiri amadalira. Phunziro la poyera silidutsa m'sefa imeneyi. Woyankhula akhoza kusakaniza zomwe zinasindikizidwa kale, zomwe akadafufuza, ndi maganizo ake chabe, zonse m'mawu amodzimodzi ndi mkanjo womwewo.

Zimenezi si chinyengo, pakuti kuyesa maganizo atsopano pagulu ndi mbali ya cholinga chake. Koma mtolankhani akatola chiganizo chimodzi n'kuchiika pa mutu wa nkhani kuti akatswiri apeza zakutizakuti, ife owerenga pa foni sitidziwa kuti chinachokera m'gulu liti. Woyankhula wabwino amanena yekha kuti apa ndatsimikiza, apa ndikungoganiza. Akapanda kutero, womvera ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti: a pulofesa, munafunsa anthu angati, a kuti, chaka chanji, ndalama zake anapereka ndani, ndipo zinasindikizidwa? Katswiri weniweni sakhumudwa ndi mafunso amenewa. Kumbukiraninso kuti upulofesa wa zamankhwala sumupanga munthu kukhala katswiri wa zachuma, ndipo akadumpha mpanda wa nthambi yake mawu ake tiziwayeza ngati a munthu wina aliyense wowerenga bwino.

Boma lomwe lafunsidwa mafunso ambiri

Kuyambira mu 1998 ofufuza a ku University of Pennsylvania, mogwirizana ndi anzawo a m'Malawi, akhala akutsatira mabanja omwewo m'maboma a Rumphi, Mchinji ndi Balaka, kufunsa za kulera, za Edzi, ndipo m'zaka zaposachedwa za ukalamba. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa omwe alibe wogwira ntchito, inayesedwa koyamba kuno ku Mchinji mu 2006, ndipo anaiunika ndi a Boston University pamodzi ndi a Centre for Social Research ya ku Zomba. Lero ili m'maboma onse 28. Ntchito ya MaiMwana, yomwe inachitika mothandizana ndi University College London, inayesa ngati magulu a amayi okambirana za uchembere, komanso alangizi ongodzipereka a kayamwitsidwe, angachepetse imfa za amayi ndi makanda, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013 m'magazini ya The Lancet, imodzi mwa magazini a zaumoyo otchuka kwambiri pa dziko. Kunena mosabisa, mayankho a agogo a kwa Mkanda ndi amayi a kwa Mlonyeni aphunzitsidwa m'makalasi a ku America ndi ku Ulaya.

Chithunzi chake tonse tikuchidziwa. Galimoto yaima pa bwalo la amfumu. Mnyamata wonyamula tabuleti wakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mayi wa pakhomo, wamuwerengera kalata ya chilolezo, mayiyo wadinda chala, kenako mafunso ayamba: dzulo munadya kangati, mbuzi muli nazo zingati, mwana womaliza anabadwira kuti. Ola limodzi latha, nthawi zina awiri, mwana wamuyeza pa sikelo, ndipo galimoto yanyamuka. Kafukufuku wotere sayamba popanda chilolezo cha makomiti oona za ufulu wa ofunsidwa, monga NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo ndi COMREC ya ku sukulu ya madokotala. Mfundo za ku Helsinki, zomwe madokotala a pa dziko lonse anagwirizana mu 1964 ndipo akhala akuzikonzanso, zimanena kuti ofufuza ali ndi udindo woulula zotsatira za kafukufuku wochitidwa pa anthu. Magulu ena amabweradi kudzafotokoza ku khonsolo, kwa mafumu kapena ku magulu omwe anagwira nawo ntchito. Koma kusindikiza m'magazini ya Chingerezi nakonso kumawerengedwa kuti ndi kuulula, ngakhale mayi wodinda chala uja sadzaiona.

Mtunda nawo ndi nkhani. Ku Mchinji kulibe yunivesite ya boma. Kuchokera pa boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, ndipo Bunda ili patsogolo pakenso, kumwera kwa mzindawo. Zomba ndiye osanena. Chikalata chikanena kuti aliyense ndi wolandiridwa sichikunama, koma aliyense ameneyo ayenera kukhala ndi ya minibasi yopita ndi yobwerera, tsiku lopanda ntchito ya kumunda, ndi Chingerezi chokwanira kutsata zolembedwa pa khoma. Maphunziro ena tsopano amaulutsidwa pa Facebook kapena pa Zoom, zomwe zachepetsa vuto la mtunda kwa amene ali ndi bandulo ndi netiweki. Wailesi ndiyo yaonetsa kuti ikhoza kufika patali: bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome linakonza pulogalamu ya Umoyo Nkukambirana, momwe akatswiri ankayankhula m'Chichewa ndipo omvera ankatumiza mafunso. Kuno tili ndi wailesi yathu ya Mudzi Wathu, yomveka m'midzi momwe ofufuza amayendamo.

Ufulu wa woyankhula

Phunziro la poyera limayenda pokhapokha woyankhula ali womasuka kunena zomwe wapeza, ngakhale zitakhala zosakomera boma, kampani kapena wopereka ndalama. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limatchula ufulu wa maphunziro pamodzi ndi ufulu wa chipembedzo ndi wa maganizo. Ufuluwu unayesedwa mu February 2011, pamene mkulu wa apolisi pa nthawiyo, a Peter Mukhito, anaitana Dr Blessings Chinsinga a ku Chancellor College kuti afotokoze za chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja komanso zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi ananyanyala kuphunzitsa, anayi anachotsedwa ntchito, ndipo mkanganowo unatenga pafupifupi miyezi 8 asanabwezeretsedwe. A mbali ya boma ankati akuteteza chitetezo cha dziko, aphunzitsi ankati sangaphunzitse muli akazitape m'kalasi. Nkhaniyo inali ya m'kalasi, koma mu holo yotsegukira aliyense, momwe muli makamera ndi atolankhani, funsoli limakula kwambiri.

Ufuluwu uli ndi malire ake ovuta kujambula. Mphunzitsi nayenso ndi nzika ndipo akhoza kukhala ndi chipani chomwe amachikonda. Pomwe pathera kafukufuku n'kuyambira ndale si pamalo pooneka nthawi zonse, ndipo omvera awiri akhoza kutuluka mu holo imodzi wina akuti wamva sayansi, wina akuti wamva kampeni.

Mafunso omwe akadali poyera

Loyamba ndi la chiyankhulo. Centre for Language Studies, yomwe inakhazikitsidwa ku Zomba mu 1996, yagwira ntchito yaikulu pa mtanthauziramawu ndi kalembedwe ka ziyankhulo zathu, koma maphunziro a pa yunivesite akadali m'Chingerezi. Ena amati pulofesa amene sangafotokoze kafukufuku wake m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao ndiye kuti sanamumvetse mokwanira. Ena amati mawu a sayansi akamasuliridwa mwachangu amasocheretsa, ndipo mu holo mumakhalanso alendo a mayiko ena. Kodi phunziro limodzi liziperekedwa kawiri, ndipo womasulira azilipidwa ndi ndani?

Lachiwiri ndi la malo. Ngati kafukufuku anachitikira kwa Mkanda, kodi phunziro lake lizichitikira ku Lilongwe kokha, kapena lizifikanso mu holo ya sekondale ya kuno? Likachoka pa yunivesite, aphunzitsi a nthambi zina omwe amangoyenda wapansi kuchoka mu ofesi kukamvera mnzawo sadzabwera, ndiye phindu la kumverana kwa nthambi lichepa pamene phindu la kufikira anthu likukula. Zolinga ziwirizi zimatchulidwa pamodzi pa zikalata, koma sizikudziwika ngati mwambo umodzi ungazikwaniritse zonse.

Palinso funso la alawansi, lomwe ambiri amaliopa kulitchula. Anthu anazolowera kuti msonkhano umabwera ndi kenakake, ndipo kwa mlimi amene wasiya ganyu tsiku lonse, kenakakeko si dyera ayi. Koma yunivesite ikayamba kulipira omvera, holo idzadzaza ndi ofuna kumva kapena ofuna kusayina?

Za kukwezedwa pa ntchito nazo sizinathe. Mphunzitsi amakwera makamaka chifukwa cha zomwe wasindikiza, ndipo tsiku lomwe wathera pa wailesi ya m'dera kapena pa bwalo la amfumu limalemera pang'ono pa fomu yake. Lilemere bwanji, ndipo ubwino wa phunziro lotere angauyeze ndani, poti kuchuluka kwa anthu mu holo sikutanthauza kuti amva?

Lomaliza likukhudza mafunso a omvera. Mlimi akaimirira n'kunena kuti malangizo oumitsa mtedza kumunda sangatheke kwawo chifukwa cha akuba, mawu akewo amapita kuti? Palibe lamulo lokakamiza wofufuza kusintha kafukufuku wake wotsatira chifukwa cha zomwe wamva mu holo, ndipo mitu yambiri ya kafukufuku imasankhidwa molingana ndi zomwe opereka ndalama, ambiri a iwo akunja, alengeza kuti athandiza. Kodi anthu a m'boma lofufuzidwa akhale ndi liwu pa kusankha funso lenilenilo, ndipo liwulo lidutse kwa amfumu, ku khonsolo, ku makalabu a alimi, kapena kwa ofunsidwa eni ake?